Gitala yanga italankhula paukwati wa mlamu wanga

Mpaka lero ndikamadutsa pa Nsaru ndimapalasa njinga mwachangu, chipewa nditachitsitsa mpaka m'maso. Sikuti ndinaba kanthu ayi. Nkhani yake ndi ya gitala, ndipo bola ndikuuzeni ndekha, poti amene amaikamba pamsika paja amathiramo mchere wambiri.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa Sitandade 6 pasukulu ina kufupi ndi Nambuma. Matipate anali atangolowa kumene, ndipo aliyense anali ndi ufulu wolankhula, makamaka pa zinthu zimene sakuzidziwa. Ine ufulu wangawo ndinaugwiritsa ntchito pa zoimbaimba. Ndinkaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, komanso ndinkatha kukhwatcha nyimbo zitatu pa banjo ya chigubu. Basi, ndinkadziona ngati katswiri amene dziko likungochedwa kumuzindikira.

Achimwene anga amene ankagwira ntchito ku Joni anatopa ndi makalata anga odandaula kuti luso langa likuwolera kumudzi. Tsiku lina dalaivala wa thiraki ananditulira katoni yaitali, nati muli gitala yamagetsi. Ndinayamba ndaitana anzanga oyandikana nawo nyumba kuti adzaone, kenako n'kutsegula. Munali thabwa loyera losapaka kanthu, khosi la gitala palokha, nsambo zisanu ndi imodzi zokulungidwa, timawaya tamitundumitundu, ndi kathumba ka tizitsulo.

Mkazi wanga anasuzumira m'katonimo nati, “Bambo a Tiya, kodi yaphwanyikira m'njira?”

“Ayi, ndi mmene amagulitsira kwa anthu odziwa,” ndinayankha. “Osadziwa ndi amene amagula yothaitha.”

Munalinso kabuku ka malangizo, kodzaza ndi zithunzi ndi mivi. Ndinakayang'ana kamodzi n'kukaponda ndi mwendo wa tebulo umene unali waufupi. (Munthu wophunzitsa sayansi kwa ana makumi asanu ndi atatu angamauzidwe zochita ndi kabuku?)

Sabata yomweyo tinapita kwa apongozi kumsonkhano wokonzekera ukwati wa Esinati, mng'ono wa mkazi wanga. Ena analonjeza mbuzi, ena nkhuni, ena mpunga. Ine ndinaimirira, kukonza pakhosi, n'kulengeza kuti akwati akamadzalowa m'holo, ndidzawaimbira ndi gitala yamagetsi yopanga ndekha. Apongozi anaomba m'manja. Mkazi wanga anayang'ana pansi ngati wagwetsa singano. Kunali kutatsala masabata atatu.

Ndinayamba ndi kupenta. Kusukulu kunatsala penti wobiriwira wopakira mafelemu a mawindo, ndipo ahedi anandigawirako. Zoyamba ndapalapala thabwalo ndi sandipepa ndinaona ngati kutaya nthawi. Ndinapaka mokhuthala n'kuliyanika pakhonde. Inali nyengo ya mphepo ija ya mu Ogasiti, choncho fumbi lonse la pabwalo la mpira linapeza pokhala. Nkhuku nayo inadutsapo n'kusiya mapazi ake atatu ndi nthenga imodzi. Amene anafunsa ndinawauza kuti ndi sitayelo ya ku Joni.

Kenako khosi. Linkafuna kumangidwa ndi masikuluwu anayi, koma imodzi inagwera m'fumbi osaonekanso (ndimaganizirabe nkhuku ija). Ndinakhomapo msomali wa mainchesi anayi. Khosilo linagwira ndithu, kungoti linapendekera pang'ono ngati munthu amene akumvetsera miseche ya kuseri kwa mpanda.

Pa zamawaya m'pamene ndinafuna mtovu wowotcherera, ndiye ndinapalasa njinga kupita kwa a Mbewe, okonza mawailesi pa Nsaru. Iwowa ndi amenenso ankabwereketsa ampu ndi masipika m'maukwati, ndipo a komiti ya ukwati anali atagwirizana nawo kale za tsiku la Esinati. Ndi munthu wosalankhulalankhula. Anaitembenuza gitala ija n'kuona mapazi a nkhuku. Kenako anatola kawaya kakuda.

“Aphunzitsi, aka musakaiwale. Kawotcherereni kuchitsulo chogwira nsambo ichi. Ndipo m'kati umu muyalemo pepala lonyezimira lija la m'mapaketi a fodya. Mukapanda kutero, gitala imatola zilizonse zoyenda mumlengalenga.”

“Zimenezo ndimaphunzitsa teremu yachiwiri,” ndinatero.

“Chabwino. Koma mukamaliza mubwere nayo tiiyese pa ampu tsikulo lisanafike.”

Ndinavomera pakamwa pokha. Mumtima ndinkati mkuluyu akufuna adzauze anthu kuti gitala wapanga ndi iyeyo. Komanso ndinkafuna kuti mawu ake oyamba adzamveke pamaso pa khamu la anthu, osati m'kashopu konunkha mabatire.

Kunyumba ndinaika msomali pambaula mpaka kufiira, n'kumawotcherera mawaya mongoyerekeza: wofiira apa, woyera apo. Chala chachikulu ndinachiwotcherera kawiri. Pomaliza kawaya kakuda kaja kanali lende, kopanda kolowera. Ndinakadula ndi lumo. (Ndinadziuza kuti opanga zinthu amaikamo zina zapadera, monga mabatani a sipeya pamalaya.) Nditakunga nsambo n'kukhwatcha, panamveka kaphokoso kakang'ono kwambiri.

“Ikulira ngati udzudzu uli m'kapu,” anatero mkazi wanga.

“Ikudikira magetsi. Mudzaimva Loweruka.”

Kwathu kunalibe magetsi, ampu ndinalibe, ndipo kwa a Mbewe sindinabwerereko. Choncho Lowerukalo linafika gitala isanalawepo moto ngakhale kamodzi.

Kutchalitchi zonse zinayenda bwino. Masana tinasonkhana m'holo ina pa Nsaru pomwepo. Mkwati anali mnyamata wofatsa wa ku Kabudula, wa kwa Phiri, ndipo abale ake anabwera pamalole awiri. Ndikuti pafupifupi mbali yonse ya kumanja kwa holo inali ya a Phiri a ku Kabudula. Kutsogolo kunakhala amalume ake a mkwati, amene analinso ankhoswe, mkulu wamtali wovala jekete lakuda.

Woyendetsa mwambo anatenga maikolofoni. “Tsopano akwati athu alowa, ndipo awalandira ndi aphunzitsi athu, pa gitala yamagetsi yopanga okha ndi manja awo.”

Ndinakwera kutsogolo nditavala suti, gitala ili pachifuwa. A Mbewe anandiyang'ana, kuyang'ana gitala, n'kulumikiza chingwe ku ampu. M'masipika munamveka kulira ngati kwa njuchi zimene zasokonezedwa. Ndinamwetulira anthu kusonyeza kuti zimayamba choncho. Akwati anaonekera pakhomo atagwirana manja, atsikana operekeza ali pambuyo. Ndinaika zala pansambo.

Njuchi zija zinachepa, ndipo m'malo mwake munatuluka mawu a bambo wina, odekha, omveka bwino kuposa a woyendetsa mwambo.

“Uthenga wachisoni uwu ukupita kwa a Phiri a ku Kabudula. Akuti kulikonse kumene muli nyamukani msanga, amalume anu atisiya. Maliro aikidwa mawa.”

Gitala yanga inali itagwira wailesi, ndipo inali nthawi yolengeza maliro.

Akwati anaima pakati pa njira. Ine pofuna kuitseka pakamwa ndinafumbata nsambo zonse ndi dzanja, osadziwa kuti thupi langa ndi limene lasanduka eriyo. Mawu aja anakula, ndipo bamboyo, monga mwa mwambo wawo, anabwereza uthengawo kachiwiri kuti amene sanamve amve.

Mayi wina wa kuchimuna anamasula nsalu ya m'chiuno n'kuyamba kulira. Anzake awiri anamulandira. Pa a Phiri onse aja, aliyense anali ndi amalume ake amene anawasiya kumudzi akutsokomola, ndiye aliyense ankalira wake. Dalaivala wa lole ina anatuluka kukaliza injini. Mkwati anasiya dzanja la Esinati n'kumayang'ana uku ndi uku.

Apo ankhoswe aja anaimirira pang'onopang'ono n'kukweza dzanja.

“Amalume ake a mwanayu ndine, ndipo ndili pano. Ngati ndamwalira, sanandiuze.”

Wina kumbuyo anaseka, koma anadzigwira msanga. Gitala inali itapitirira kale, ikuuza banja lina la ku Mchinji kuti libwere ndi matabwa a bokosi. Ine ndinapotokola timabatani tonse, kuimenya kumsana, ngakhale kuibisa kuseri kwa jekete. Zoti ndingathe kungozula chingwe sizinandifikire m'mutu. Anachita kubwera ndi a Mbewe, osathamanga, n'kuchizula ndi zala ziwiri.

“Kawaya kakuda kaja, aphunzitsi?” anandifunsa chapansipansi.

“Kali kunyumba,” ndinatero.

Panatenga nthawi kuti mtendere ubwerere. Abusa anachita kuimirira n'kufotokoza kuti a Phiri ku Kabudula ndi ambiri ngati mchenga, ndipo uthengawo ukhoza kukhala wa ena. Komabe amuna awiri anabwereka njinga kupita kukaona kumudzi, ndipo anaphonya nyama. Akwati anabwerera panja n'kulowanso kachiwiri ndi kaseti ya a Mbewe. Esinati anandidutsa osandiyang'ana, ndipo anakhala miyezi iwiri akundipatsa moni kudzera mwa mkulu wake. Apongozi sanakalipe. Anangondifunsa mwaulemu ngati pali chinanso chimene ndikupanga, kuti adziwiretu.

Pobwerera ndinkakankha njinga, gitala nditaikulunga m'chitenje. Titayenda mtunda wautali, mkazi wanga anati, “Koma munanena zoona, bambo a Tiya. Ndaimva.”

Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzirapo kumvera anthu odziwa ntchito yawo. Pang'ono pokha. Mpaka pano ndikapanikizidwa ndimanena kuti vuto linali ampu.

Patapita masabata awiri, ankhoswe aja anatulukira kwathu Loweruka masana, atamanga batire ya galimoto, kaampu kobwereka ndi kasipika pakaliyala ya njinga. Ine ndinangoti abwera ndi mlandu. Atakhala pansi ndi kulonjeredwa anati, “Aphunzitsi, wailesi yanga yafa, ndipo lero kuli mpira waukulu. Kodi gitala yanu ija imagwira maliro okha?”

Tinailumikiza. Inagwira. Ndinakhala pampando mphindi makumi asanu ndi anayi nditafumbata nsambo, osaloledwa ngakhale kukanda pamphuno, poti ndikangosiya mawu ankathawa. Timu yawo inapambana, ndipo pochoka anandiuza kuti ndili ndi luso.