Kukhotetsa bwato popanda nkhafi

Lolemba
Ndikukumbukira a Nkhoma, aphunzitsi athu a sayansi, atayandamitsa singano pa tsamba m'beseni la madzi, singanoyo n'kuloza kumpoto yokha. "Dziko lapansili ndi maginito," anatero. Chaka chomwecho anawatenga pa galimoto ya boma. Sindinakawaone, ngakhale atatuluka m'ndende. Mantha poyamba, kenako manyazi. Tsopano ndamva ali ku Chitala, akudwala. Ndipita bwanji chimanjamanja?

Pa wailesi akuti kasetilaiti kangasinthe njira yake mumlengalenga popanda mafuta: waya wautali, magetsi m'wayamo, maginito a dziko n'kukakankha. Ndiyesa ndi bwato. Likakhota, ndikawauza.

Lachiwiri
Zofunika: waya, batire la galimoto, bwato, tsiku lopanda mphepo. Bwato andibwereka Che Yusufu, mnansi wanga. "Inshallah likhota, achimwene, koma nkhafi tengani."

Lachitatu
Batire lapita ku msonkhano wa chipani kukakuza mawu. Masiku ano zipani n'zambiri, batire m'mudzi muno ndi limodzi.

Lachinayi
Batire labwera lofooka. Ndakulunga waya pabwato. Asodzi akuyesa kuti ndi mankhwala oitanira chambo. Ndafotokoza za maginito, onse akugwedeza mitu mwaulemu. Pobwera kokadya ndapeza atatu adula kachidutswa aliyense kukamanga pa ukonde. Waya wafupika mikono inayi. Sindisiya.

Lachisanu
Lakhota! Ndangolumikiza waya, bwato n'kutembenuka pang'onopang'ono. Misozi m'maso. Che Yusufu ali pagombe akukuwa: "Mwera uwo, bwererani!" Nkhafi ndinaisiya dala, kuti pasakhale wotsutsa. Mphepo yandifikitsa pamiyala. Batire lili pansi pa nyanja.

Loweruka
Chipani china chabwera kudzafunsa batire. Asodzi atatu aja apha nsomba zambiri, akufuna waya wina. Mayi a kunyumba, pokwera minibasi kukagula chimanga ku Chitala: "Wodwala safuna bwato, bambo. Akufuna nkhope yanu." Ndikuwongola waya wotsala.

Lamulungu
Basi, bwato ndabweza. Mayi afika ndi matumba awiri ndi uthenga. Anakafika kwa a Nkhoma, n'kuwauza zonse, mpaka za miyala. Akuti anaseka mpaka kutsokomola. Akuti kawaya kotero dziko silingakamve, ndipo ndipite Lachitatu m'mawa akandifotokozere bwinobwino, ndisachedwe monga ndinkachitira kusukulu.

Ndasita malaya oyera. Ndikaima pakhomo pawo ndikayamba ndi mawu ati, sindikudziwa.