Tsiku limene Sikono analowerera bawo ya ababa

Nkhani iyi ndinayilemba koyamba m'kabuku kanga kamene ndimabisa m'pilo, kenaka tsambalo ndinaling'amba chifukwa cha manyazi. Ndikuyilembanso poti mudzi wonse ukuyidziwa kale, ndipo ena akuyikamba mokhota. Akuti mphaka wathu amatha bawo. Satha. Wolakwa tsiku lija ndinali ine, ndipo ndinalakwa kawiri.

Ine sindiyankhulayankhula. Kusukulu (ndili Folomu 2) aphunzitsi akafunsa funso ndimayang'ana desiki ngati palembedwa kanthu, ngakhale yankho ndikulidziwa. Amene ndimacheza naye momasuka ndi Sikono, mphaka wathu wofiirira. Ntchito yake pakhomo ndi kulondera matumba a mtedza, ndipo ababa ankamuona ngati khasu: chinthu chothandiza, koma chosati n'kumachisisita.

Zinayamba ndi azakhali, achemwali awo a ababa, amene amagwira ntchito m'nyumba ya azungu ku Lilongwe. Atabwera kudzatiwona anapeza Sikono atagona pakhonde, miyendo m'mwamba.

"Mphaka uyu ali ndi maganizo," anatero azakhali. "Wa abwana anga ali ndi dokotala wake, zidole dengu lonse. Chakudya samupatsira m'mbale ayi. Amachibisa m'kabokosi ka zibowo kuti azichivutikira, akuti ubongo uzinoleka."

"Amagwira makoswe angati pa sabata?" anafunsa amayi.

"Nyumba ija mulibe makoswe, alamu."

"Nanga ubongowo akuwunolera chiyani?"

Onse anaseka, koma ine mtima unandiwawa. Zaka zitatu ndikukhala ndi Sikono, osadziwa kuti mnzanga ubongo ukuchita dzimbiri.

Ndinayamba ndi nthenga ya nkhuku yomangirira ku ulusi. Sikono anayiyang'ana, kenaka anayang'ana ine, ngati akufunsa kuti nkhuku yakeyo ili kuti. Ndinaboola katoni ya sopo n'kuponyamo bonya. Anakhala pamwamba pa katoniyo mpaka inaphwanyika, n'kudya bonyayo osaganiza n'komwe. (M'kabuku ndinalemba kuti: wophunzira ali ndi nzeru koma ndi waulesi. Aphunzitsi a masamu amalemba zomwezo pa lipoti la theka la kalasi yathu.)

Ndiye maso anga anagwera pamwamba pa kabati, pamene pamakhala bawo ya ababa. Maenje makumi atatu ndi awiri, osemedwa bwino pa thabwa la mlombwa. Chidole cha mphaka wa azungu chingafike pamenepo?

Bawo imeneyo saikhudza munthu. Ngakhale amayi popukuta fumbi amaizungulira. Koma Lachitatu masana ababa amapita ku msonkhano wa akulu a mpingo, amayi ku dimba. Ndinkaitsitsa, n'kuika kabonya m'maenje angapo, n'kukwirira ndi nkhomo, timbewu tija tosewerera. Sikono ankanunkhiza dzenje lililonse, n'kufukula ndi dzanja mpaka apeze. Apa ndiye anachangamuka. Pofika sabata yachitatu, akangomva nkhomo zikugwera m'maenje ankachokera kulikonse kumene ali, mchira uli chilili. Tikatha ndinkapukuta ndi ndimu n'kubwezera pamalo pake. Tsiku lina ababa ananena kuti bawo ikununkha ngati msika wa pa Boma, koma mlandu unagwera amayi, akuti amaphikira pafupi.

Ndinene chinanso. Bawo ndimaitha. Palibe anandiphunzitsa. Kungoti mwana wosayankhula akakhala pambali n'kumasenda mtedza, akuluakulu amamuyesa mpando. Ndakhala ndikuonerera kuyambira ndili Sitandade 4.

Chaka chilichonse, fodya akagulitsidwa, kumabwera a Mbewe kuchokera ku Ntchisi, akukankha njinga m'zitunda zonse zija, kudzasewera ndi ababa. Zaka zinayi zotsatizana a Mbewe ndiwo ankapambana. Chaka chino ababa analengeza kutchalitchi ndi kuchigayo komwe kuti munthu wa ku Ntchisi abwerera akulira.

Loweruka limenelo amuna anadzaza pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinabweretsa thobwa n'kukhala poteropo ndi lichero langa la mtedza. Sikono ndinali nditamutsekera m'khitchini, koma amayi analowa kukatenga mchere.

Masewera anali atafika povuta. Ababa anagwira chibwano nthawi yaitali, kenaka anatola nkhomo n'kuyamba kugwetsa. Kho, kho, kho. Ndinangoona chinthu chofiirira chikudutsa pakati pa miyendo ya anthu. Sikono anatera pakati penipeni pa bawo n'kuyamba ntchito imene ndinamuphunzitsa. Dzenje loyamba, fukufuku. Lachiwiri, fukufuku. Nkhomo zinauluka, ina inagwera m'kapu ya a Mbewe. Atasowa nsomba, Sikono anakhala pansi pomwepo n'kundiyang'ana ine, n'kulira mokhumudwa.

"A elida," anatero a Mbewe kwa ababa, akuvuula nkhomo m'thobwa, "mphakayu mwachita kumutuma?"

Ena anaseka. Wina kumbuyo ananong'ona kuti mphaka wofukula bawo masanasana si wabwinobwino, ndipo pakhomo pa mkulu wa mpingo mawu otere salowa bwino. Ababa anaimirira.

"Kumutuma? Ndinatsala pang'ono kukudyani zonse, a Mbewe. Aliyense waona. Chinyama ichi chandilanda chipambano m'manja." Anatembenukira kwa amayi. "Pezani thumba. Mawa chikatayidwe kuseri kwa phiri."

Miyendo inanditengera yokha. Ndinapezeka ndagwada pamaso pa amuna onse aja, ine amene ndimalephera kunena "ndilipo" poitana mayina m'kalasi.

"Ababa, wolakwa ndine. Ndimamuikira bonya m'bawo Lachitatu."

"Bonya. M'bawo yanga."

"Kuti ubongo wake uzinoleka."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Ndikanalekera pomwepo, bwenzi nkhaniyi ili yaifupi. Koma nkhope ya ababa sinasinthe, amayi anali atapita kale kukafuna thumba, ndipo ine ndinaganiza kuti ndikawaonetsa kuti palibe chimene chawonongeka, amukhululukira Sikono. Ndinayankhula mwaulemu wonse, maso pansi, manja pamodzi.

"Komanso sanakulandeni kanthu, ababa. Masewera anali atatha kale. A Mbewe akanasewera kawiri, mzere wanu wakutsogolo ukanatsala wopanda nkhomo."

Kuseka kunaleka. Ndinamva mbuzi ikutafuna kuseri kwa nkhokwe.

"Mwanayu amatha bawo?" anafunsa a Mbewe, mawu ali ofewa ngati a namwino.

"Satha," anatero ababa.

A Mbewe anatembenukira kwa ine. "Ndiye palibe choopa. Mayi, ukukumbukira mmene zinakhalira? Tabwezeretsa tione."

Apa mwana wanzeru akanati waiwala. Ine ndinaleredwa kuti wamkulu akakutuma umachita, ndipo umachita mosamala. Ndinatola nkhomo m'fumbi, n'kuzipukuta imodziimodzi, n'kuziika. Mbali ya ababa sinandivute, munali zochepa. Mbali ya a Mbewe anandithandiza eni ake, akumwetulira. Anthu anavomereza kuti zinalidi choncho. (Amene ankati aona chipambano cha ababa anavomerezanso. Anthu oonerera bawo ali ngati nyengo ya kuno kumapiri.)

Ababa atamaliza kugwetsa kwawo kuja, a Mbewe anasewera kamodzi. Ababa anayankha. A Mbewe anaseweranso. Mzere wa ababa unatsala mbee.

"Chaka chachisanu," anatero a Mbewe akupukuta manja. "Koma a elida, chaka chamawa mudzandipatse mwanayu. Ulendo wa ku Ntchisi ndi wautali, ndizibwerera masewera."

Madzulo a tsikulo palibe anatchulanso za thumba, ndipo ine sindinafunse. Mmawa ndinadzuka msanga kuti ndikabise Sikono kwa anzanga kutsidya. Ndinamupeza pakhonde, ali pamiyendo pa ababa, akudya mutu wa mlamba umene amayi anawasungira ababawo.

"Pakhomo pano," anatero ababa, akuuza amayi koma mokweza kuti ndimve, "amene anayesa kundipulumutsa ndi uyu yekha. Mphaka amadziwa amene amamudyetsa. Ena timawalipirira sukulu."

Masiku atatu ankandiyankhula kudzera mwa amayi. "Muuzeni katswiri wanuyo abweretse madzi." Amayi nawo anandikhazika pansi pamene tinkatsuka mbale. Anati choonadi chili ngati tsabola, suthira m'ndiwo za mlendo usanafunse. Ndinalemba mawuwo m'kabuku n'kuwadula mzere kunsi kawiri.

Lachitatu lotsatira ababa anabwerako msanga ku msonkhano. Anatseka chitseko, anatsekanso zenera, n'kutsitsa bawo.

"Khala apo. Ndione ngati unangochita mwayi. Ndipo zisamveke panja."

Amayi podutsa ananditsina paphewa. "Uwalole apambane," ananong'ona.

Ndinavomera ndi mtima wonse, ndipo ndinayesetsa. Kawiri konse ndinasiya dala nkhomo zoti ndikanadya. Koma kachitatu mpata unali waukulu kwambiri, wokongola, moti dzanja linapita lokha. Kho, kho, kho. Nditadzidzimuka, mulu unali mbali yanga.

Ababa anayang'ana bawo nthawi yaitali. Kenaka anasuzumira pansi pa tebulo, n'kuyang'ana kuchitseko chimene anatseka okha.

"Amake mwana," anaitana motsitsa mawu, "Sikono ali kuti? Tamutsegulirani alowe."