Bokosi la a Pulofesa

Lolemba
Makina afika! Kabokosi kolemera ngati mwana wa zaka ziwiri. Amayeza mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi, ndipo manambala ake andiuza kuchindikala kwa thanthwe limene tikupondali, kuchokera ku Chileka mpaka ku Lirangwe. A Pulofesa andibwereka mpaka Loweruka: "Malo makumi anayi. Apo ayi, digiri chaka chamawa." Ndapaka penti mwala wa pamphambano, poyambira pa miyeso yonse. Malo asanu lero.

Lachiwiri
Makinawa safuna kugwedezeka. Ndege ikutera, manambala akuvina. Ndikudikira. Lole ya mchenga. Ndikudikira. Chigayo chalira! Malo atatu. 

Lachitatu
A Makwinja, akabaza anga, adumpha hampu, bokosi lili pamiyendo panga. Ndabwerera pamwala paja kukayesa: nambala yasintha. Mwala womwewo! Iwo akuti, "Bwana, ine ndimanyamula mazira, silinaswekepo limodzi."

Lachinayi
Lirangwe. Mbiri yamveka kuti ndikusaka golide. Khamu landizungulira, aliyense akupondaponda. Mayi mwini munda akundinong'oneza: "Mukamupeza, pano ndi panga, osati pa achimwene." Achimwenewo atulukira ndi piki. Ndikulongosola kuti zimene ndikuyeza zili makilomita ambirimbiri pansi. "Ndiye akumbe ndani?" Malo: ziro.

Lachisanu
Mwala wanga kulibe! Pali dzenje lofika m'chiuno, amuna anayi akusefa dothi ndi lichero. Akuti penti ija inali chizindikiro. Popanda mwalawo manambala anga onse alibe poyambira. Zotsala: bokosi, mutu wowawa, tsiku limodzi.

Loweruka
Minibasi ya ku tauni, bokosi ndalifukata. Mu ofesi, a Pulofesa akulitsegula pang'onopang'ono, kenako akuloza kachitsulo ka m'mbali mwa makina.
"Loko uyu mumamutseka musanakwere njinga?"
Loko uti?
Avula magalasi. Sakukalipa, ndipo bola akanakalipa.

Lamulungu
Kutchalitchi a mkulu wa mpingo apempherera "mwana wathu wa migodi", kuti akalemera asaiwale denga lodonthali. Ameni wake wamphamvu zedi. Uthenga wa a Pulofesa walowa tili m'kati mwa nyimbo: makina akupita ku Joni kukakonzedwa, abwera dzinja likatha.
Amayi sanafunse zambiri. Angoti munda wa kudambo sunalimidwe, ndipo khasu la malemu bambo lili kuseri kwa chitseko. Mawa ndilawira.