Ndinapita Kukakana Dzina la Gladys

Nkhaniyi ndaisunga zaka zitatu, koma ndikaikumbukira nkhope imatenthabe. Ndikuifotokoza ndili wokwiya. Ndinakwiyira amuna anga, ndinakwiyira azungu a dziko lina lotchedwa Wales amene sanandilakwirepo chilichonse, ndipo pang'ono chabe, pang'onong'ono, ndinadzikwiyira ndekha.

Ine kwathu ndi ku Dowa, koma ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale ku Mzimba boma. Kumeneko ndi komwe ndinakwatiwa ndi a Chirwa, mwana wa ku Manyamula. Nditaima koyamba, dzina ndinasankhiratu: Shantel. Ndinkalitchula ndikutsuka mbale, ndikumva kukoma kwake m'kamwa. Nditawauza a Chirwa anangoti, "Tiona." (Akazi anzanga, mwamuna akati "tiona," dziwani kuti mwini wakeyo waona kale.)

Mwana anabadwa, wamkazi, wonenepa bwino. Tsiku lachitatu apongozi anga aamuna anaimba foni. Kuno mwana ndi wa kuchimuna, ndipo dzina amatcha ndi agogo ake. A Chirwa anamvetsera akungoti "yewo adada, yewo," kenako anandiyang'ana ngati mwana amene waswa kapu ya alendo.

"Akuti ndi Gladys."

"Gladys wake uti?"

"Dzina la ankhazi, alongo awo a adada. Aja okhala ku Engutwini, amene anadwala nthawi ya ukwati wathu."

"Kusanza ndasanza ine, mapazi atupa anga, ndiye mwana atuluke ndi dzina la nkhalamba yoti sindinaionepo?"

A Chirwa anakumbukira mwadzidzidzi kuti matewera ali padzuwa.

Ine si munthu wokangana popanda umboni. Mwana atagona masana ndinatenga foni n'kufufuza dzinali. Ndinapeza kuti linachokera ku Wales, kadziko koyandikana ndi Mangalande, ndipo eni ake ankalilemba mwa njira yoti lilime la Mchewa lingathyoke. Panali ndi mndandanda wa akazi otchuka a dzinali: oimba, ochita zisudzo, wina wofalitsa uthenga wa Mulungu. Ambiri anali pa zithunzi zakale zija zopanda mtundu, atavala zipewa ngati malichero. Mzere woyamba unati dzinali likugwirizana ndi mawu awo otanthauza dziko, ndipo ena amalimasulira kuti mwana wamkazi wa mfumu. Mzere umenewo ndinaulumpha ngati thope. Pansi pake ndi pomwe panali chimene ndinkafuna: ena amati linachokera ku dzina lakale la Chilatini lotanthauza wotsimphina.

Ndinamwetulira ndekha m'nyumba.

Madzulo, a Chirwa akumwa tiyi, ndinawawerengera. Tiyi anawatsamwa. Atatha kutsokomola anati, "Ndapota, zimenezo usakanene kumudzi."

"Chifukwa?"

"Ingomvera."

Taonani, abale. Munthu wamkulu, wophunzira, wokhala ndi mano onse m'kamwa, analephera kuwonjezera chiganizo chimodzi chokha chimene chikanandipulumutsa. Ine ndinangoti akuopa bambo awo.

Mwana atakwanitsa mwezi tinakonza zokamuonetsa kumudzi. A Chirwa anatsogola Lachisanu pa njinga yamoto kukathandiza kupha mbuzi. Ine ndinanyamuka Loweruka m'mawa pa kagalimoto kaja kamene amalongedzamo anthu ngati matumba a chimanga. Anandipanikiza pafupi ndi mayi wina wachikulire amene anali atakhala kale pawindo, wovala duku loyera ndi juzi yobiriwira. Ataona ndikulimbana ndi chikwama, anatambasula manja.

"Bweretsani kuno mwanayo." Anamusenda shawelo kumaso. "Wokongola chomene. Dzina ndani?"

"Dzina lilipo, amama, koma tikukalichotsa."

"Ah! Lalakwa chiyani?"

Funso limenelo ndi limene ndinkalidikira mwezi wathunthu. Ndinamasula thumba lonse. Ndinawauza za Shantel. Ndinawauza kuti Gladys ndi dzina la anthu ogulitsa fodya wa m'mphuno. Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa mzere uja, ndikuuloza ndi chala ngati ndili pa bolodi.

"Wotsimphina, amama! Mwana wanga asanayambe n'kukwawa komwe, akumutemberera kale miyendo."

"Wotsimphina," anatero mayiwo pang'onopang'ono, akumusisita mwana pamsana. "Nanga mwini dzinayo mumamudziwa?"

"Sindinawaonepo, koma mtundu wake ndikuudziwa. Ndi aja ofuna kuti dzina lawo lizimveka ngakhale ali m'manda. Pa ukwati wanga sanabwere, ati kudwala. Koma pogawa dzina achira."

Bambo wina kumbuyo anaseka, ine n'kumva kukoma, n'kuwonjezera zina zimene sindilemba pano. Msewu wonse wafumbiwo mayiwo sanatsutse kanthu. Anangoti, "Mbwenu mukalankhule, mwana wanga. Musakaope." Ndinawathokoza. (Inde, ndinawathokoza. Ndinawapatsanso nthochi.)

Titafika pa Manyamula ndinaona a Chirwa ataima pamthunzi wa golosale. Anabwera chothamanga, ine n'kumati chikondi. Anandipitirira. Anakagwada pakhomo la galimoto, chipewa m'manja.

"Ankhazi! Mwayenda wuli?"

Dalaivala anasolola ndodo pansi pa mpando n'kupatsa mayi a duku loyera. Mayi aja anandibwezera mwana, n'kutsika mosamala. Mwendo wamanzere unali wopindika pansi pa bondo, ndipo poyenda thupi lonse linkapendamira mbali imeneyo.

"Mwadziwana kale ndi akamwana anu?" anafunsa a Chirwa, akusangalala.

"Chomene," anatero ankhazi. "Tacheza bwino."

Kuchoka pa golosale kukafika kunyumba ndi pafupi, koma ndinayenda ngati wopita kokanyongedwa. Ndinaganiza zokomoka. Ndinaganiza zokwera galimoto yomweyo n'kubwerera ku Dowa osatsanzika. Ankhazi anali patsogolo, ndodo ikugunda pansi, akufunsa a Chirwa za mvula ndi mbewu ngati palibe chachitika. Mumtima ndinayamba kuyembekeza kuti mwina ndi munthu wa Mulungu, aikwirira.

Sanaikwirire.

Titadya, anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango, amuna pa mipando, ife pamphasa. Apongozi aamuna ananyamula mwana n'kulengeza dzina, amayi n'kuimba nthungululu. Phokoso litatsika, ankhazi anagogoda ndodo pansi.

"Tili ndi mwayi. Akamwana athu Nyaphiri ndi aphunzitsi, ndipo afufuza kumene dzinali linachokera. Atiphunzitseko." Anatero m'Chichewa, kuti ndisanamizire kusamva.

Ndinagwada. Ndinati dzinali ndi la ku Wales, limatanthauza dziko, ena amati mwana wamkazi wa mfumu. (Mzere uja ndinaulumpha ngati thope, tsopano ndinaukumbatira ngati m'bale wanga.) Anthu anaomba m'manja. Apongozi anagwedeza mutu mokhutira. Ndinayamba kubwerera chafutambuyo.

"Limenelo m'galimoto simunandiuze," anatero ankhazi. "Nanga lina lija?"

Ndinayang'ana a Chirwa. Anali otanganidwa kuwerenga nyerere.

"Ena amati... wotsimphina."

Apongozi aakazi anagwira pakamwa. Apongozi aamuna, amene mwa mwambo salankhula nane mwachindunji, anayang'ana mtengo n'kuyamba kuuuza nkhani. Anati tsiku limene mwana wawo woyamba ankabadwa, ameneyo ndiye mwamuna wanga, iwo anali kutali ku ntchito. Inali nthawi ya mvula. Matenda atakula, mlongo wawo Gladys, ali mtsikana, anamanga yekha ng'ombe pa ngolo kuti athamangire ndi mlamu wake kuchipatala. Pa mtsinje ngolo inatitimira. Anatsika kukakankha, ng'ombe zinabwerera m'mbuyo, gudumu n'kumuponda mwendo. Iye anauza mayi wina amene anali nawo kuti ayendetse ngolo, amusiye pomwepo, mwana akabadwa ndiye abwere kudzamutenga iyeyo. Fupa linalumikizika mokhota. Mnyamata amene ankafuna kumukwatira anabweza mawu.

"Ndiye ndinati mdzukulu wanga woyamba wamkazi adzakhala Gladys," anamaliza apongozi, akuuzabe mtengo. "Iye sanapemphe."

Ndikanakonda akanandimenya. Koma ankhazi anaseka, kuseka kwenikweni kotulutsa misozi.

"Azungu a ku Wales anaona patali! Dzina linandidziwa ine ndisanalidziwe." Kenako anandiyang'ana. "Nyaphiri, dzina langa sindikakamiza. Mwana ndi wanu, mwamuvutikira. Mutcheni Shantelo wanuyo."

Ndipo ine, mphunzitsi wa boma, amene ndinabwera ndi umboni m'chikwama, ndinayenda ndi mawondo pamphasa kukapempha dzina lomwe ndinabwera kudzalikana. Anakana. Ndinapemphanso, ndikulira. Anati akaganize. Kachitatu ndi pomwe anatenga mwana, n'kumuuza kukhutu mokweza kuti aliyense amve, "Iwe Gladys, miyendo utenge ya amayi ako. Pakamwa utenge pa ine."

Anthu anaseka mpaka ena kugwa pa mipando. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti mayi ameneyu anali ndi msewu wonse woti anene kuti "ndine." Anasankha kudya nthochi yanga.

Pobwerera ndinawagwira a Chirwa pa golosale paja.

"Bwanji simunandiuze za mwendo?"

"Ndinati usakanene kumudzi."

"Ndinanenera m'galimoto!"

"Ndiye vuto ndi langa?"

Sitinalankhulane mpaka Lachitatu.

Gladys wanga tsopano ali ndi zaka zitatu, amathamanga moti nkhuku za aneba sizimuona bwino. Ankhazi amabwera kudzatiyendera, timagwirizana, ngakhale kuti akafika pakhomo amafuula, "Odi kwa aphunzitsi a matanthauzo!" Ndinaphunzira kuti dzina la munthu sufunsa foni, umafunsa abale ake.

Mwezi wathawu ndabereka mwana wamwamuna. Apongozi anaimba, ati ndi Calvin, dzina lawo lomwe. Ndinati yewo, ndipo ndinalumbira kuti sindifufuza. Ndinapirira masiku awiri. Akuti limatanthauza wadazi. Apongozi anga mutu wawo umawala ngati mbale yatsopano. Sindinauze munthu, ngakhale a Chirwa. Koma tsitsi lobadwa nalo la mwanayu layamba kale kuthothoka, ndipo Loweruka tikupita ku Manyamula.