Anayi Pofika Lachisanu

Lolemba

Lero ndayamba za inshuwalansi. Mtima uli m'malo pang'ono.

Nkhani yonse ndi Enelesi. Kampani yanga yokolopa maofesi ili ndi miyendo iwiri, wina kuno ku Indianapolis, wina ku South Bend, ndipo wa ku South Bend ndi Enelesi yekha. Maofesi awiri ndi chipatala cha mano. Makiyi ali kwa iye. Azungu akumeneko ine mwini kampani sandidziwa nkhope, amadziwa Enelesi.

Tsopano chipatala chachikulu chamuitana kuti akakolope kumeneko. Malipiro ndi omwewa, koma kuli inshuwalansi ya zaumoyo. Mwana wake Tadala ali ndi mphumu, ndipo thandizo la boma anamukana, akuti malipiro apitirira pang'ono. Ayankhe Lolemba likudzali. Wandiuza yekha: "Amayi, sindikufuna kuchoka. Koma mankhwala opopera a Tadala akundimaliza."

Akachoka, South Bend yapita. Kuchokera kwathu kuno ku Lawrence, m'mphepete mwa Indianapolis, kupita ndi kubwera ndi theka la tsiku pamsewu.

Ndakumana ndi ejenti wa inshuwalansi. Dzina lake limandiluma lilime, ndingomulemba kuti a Tayi, poti tayi yake ndi ya maluwa. Akuti pulani yotsika mtengo ilipo. Theka ilipira kampani, theka lidzidulidwa pa malipiro a wantchito. Koma mwa antchito anga asanu, anayi asaine pofika Lachisanu masana. Akachepa, palibe pulani. Ine sandiwerenga, ndili pa ya kuntchito kwa abambo akunyumba.

Ndaimbira aliyense payekha. Mayankho:

Enelesi: "Eya, amayi, eya!"
A Gondwe, mkulu wa mpingo wathu, opukuta magalasi: "Amenewo ndi maganizo anzeru, mayi."
Nabanda: "Palibe vuto."
Mai Kaliwo: "Mulungu akudalitseni, mwatiganizira."
Yamikani, woyendetsa vani: "Zili bho, madam."

Asanu mwa asanu! Wina wotsala wapadera!

Ndagula mafayilo asanu, aliyense mtundu wake. Ndaoda masamusa ku Lafayette Road a tsiku losaina.

Lachiwiri

M'mawa. Abambo akunyumba akupaka majarini pa buledi, maso ali pa buledi pomwepo.

"Ndinakumana ndi Yamikani dzulo posinthitsa oyilo. Akuti akuchita manyazi kukuuzani. Akuti iyeyo chibwerere kuno sanadwalepo."

Sanadwalepo! Munthu amene amadya nkhuku ya pa filing'i siteshoni tsiku ndi tsiku!

Ndampeza akulongedza ndowa m'vani. Moni wabwino, chipewa wavula. Ndafunsa kuti nanga zadzulo zija. "Zili bho, madam." Akumwetulira. Ndamuyang'ana mpaka watembenuka nkuyamba kuwerenga matsache amene anawerenga kale.

Chabwino. Atsala anayi, ndipo anayi ndi amene akufunika. Fayilo yobiriwira ndaibweza m'kabati.

Masana. Ndikuwerenga kabuku ka a Tayi ndi Chifundo, mwana wanga. Ine kufunsa m'Chichewa, iye kuyankha m'Chingerezi, chala chili pa foni. Muli mawu akuti didakitibo. Ndi ndalama zimene umayamba walipira wekha kuchipatala inshuwalansi isanakuthandize. Ndaimbira a Tayi kawiri kuti mwina ndamva molakwa. Ayi, ndi momwemo. Ulipire mwezi ndi mwezi, ndipo ukadwala ulipirenso.

Sindifuna wina adzati ndinabisa. Ndajambula voisi kufotokoza zonse bwinobwino, ndatumiza pa gulu lathu la pa foni. Onse amvera. Woyankha ndi a Gondwe okha: "Amen."

Lachitatu

Mitengo ya munthu aliyense yafika. Imayendera zaka. Wa Yamikani unali wochepetsetsa, ndiye wathawa. Wa a Gondwe ndauyang'ana, ndavula magalasi, ndapukuta, ndavalanso. Sunasinthe.

Ndipo ndi iwo amene aimba, mawu ali ngwee. Zofuna zawo:

kuonjezapo mayi akunyumba,
bondo lamanzere,
diso limene limaona utsi,
dzino la kumapeto,
ndiponso "kungoyezetsa thupi lonse, poti mwayi wapezeka."

Munthu mmodzi yekha wofunitsitsa, ndipo ndi amene andigwetse.

Madzulo kwabwera Mai Busa. Akuti amangodutsa. Kudutsa kupita kuti? Msewu wathu umathera pa mpanda wa neba. Tiyi amwa. Takamba za yunifomu ya kwaya, za mtengo wa mafuta, za mwana wawo wa ku koleji. Nkhani yeniyeni yatulukira pakhomo, nsapato atavala kale.

"Paja Nabanda akuti mtima wake sukumasuka ndi zodula malipirozi. Akuti ife Amalawi wina akaona vuto timasonkha. Koma musamufunse, akulemekezani kwambiri."

Inde timasonkha. Timasonkha kutumiza bokosi kumudzi. Ndani anasonkhapo za mphumu ya mwana wamoyo?

Akundilemekeza kwambiri. Ulemu umenewu wandisiya ndi atatu.

Lachinayi

Ndadzuka ndi njira zitatu.

Yoyamba: kulemba abambo akunyumba ngati wantchito. A Tayi akuti pokhapokha azigwiradi ntchito sabata yonse, malipiro azioneka. Abambo akuti: "Ine? Tsache?" Yafa.

Yachiwiri: ndimulipirire Nabanda gawo lalikulu, mwakachetechete. A Tayi akuti chimene ndichitire mmodzi ndichitire onse. Onse, kuphatikizapo a Gondwe ndi bondo lawo. Yafa.

Yachitatu: kupita ndekha kwa Nabanda ku Speedway, pafupi ndi bwalo la mpikisano wa magalimoto.

Ndapita. Magalimoto ampikisano akuyeserera kuseri kwa mpanda, mawindo akunjenjemera, tikulankhula mokuwa ngati tili kuchigayo. Wandilandira ngati mlendo wochokera kumudzi. Mpando wabwino, madzi osamba m'manja, mpunga ndi nyemba ndisanapemphe. Ndafotokoza za Tadala. Wagwira pachifuwa. "Iii, mwana uja! Zomvetsa chisoni!" Fayilo yachikasu walandira ndi manja awiri. "Ndiwerenga, amayi. Ndipemphererenso."

Potuluka ndacheuka. Fayilo ili patebulo, poto wa nyemba ali pamwamba pake.

Sanakane. Ndikulemba apa kuti ndisadzanamizire munthu: sanakane.

Ndili m'galimoto, foni. Voisi ya achemwali anga a ku Ntcheu, amene sanditumizira voisi pokhapokha kukagwa maliro. Ndatsegula msanga.

"Achemwali, tikumva zoti mukufuna kudula malipiro a Mai Kaliwo? Amayi awo ku Lilongwe anauza alamu a Nachisale, ndiye Nachisale, mnzanga uja, wandipeza kumsika. Akuti nyumba imene akumanga kumudzi ikudikira malata, mvula isanabwere. Musatichititse manyazi, anthu aja ndi abwino."

Mai Kaliwo amakhala misewu itatu kuchokera kwanga. Dzulo tinali limodzi, ine kupukuta madesiki, iwo kukolopa. Kukana kwawo kwakwera ndege mpaka Lilongwe, kwakwera minibasi mpaka Ntcheu, kwadutsa pamsika, nkubwerera kudzandipeza pa maloboti a Speedway!

Awiri.

Masamusa sabweza ndalama. Ndafunsa.

Lachisanu

Tsiku losaina, m'galaja mwathu. Ndasesa, ndayala nsalu patebulo, zolembera zisanu. Ndimati mwina pamaso pa mzungu wa tayi achita manyazi nkusaina.

Abwera onse! Pa nthawi yake, chinthu chimene sichinachitikepo. Kupatula Enelesi, amene wasainira kale pa foni komweko ku South Bend. A Gondwe mu suti, cholembera chawochawo. Atsegula ndi pemphero lalitali, a Tayi aweramitsa mutu, akuba kuyang'ana wotchi.

A Gondwe asaina tsamba lililonse, ndi limene silifuna siginecha.

Nabanda: waiwala magalasi.
Mai Kaliwo: "Ndifunse kaye abambo." Amuna awowo ali ku Malawi chaka chachitatu.
Yamikani: "Ndisaina, madam, ndingoyankha foni iyi." Foni sinalire.

Koma kudya adya. Yamikani watenga masamusa ena m'kapepala, akuti a panjira.

Ndaima. Ndati, abale anga, ndiuzeni pamaso panga, mukufuna kapena simukufuna? Onse ayang'anana. Kenako Mai Kaliwo, mofatsa: "Iii amayi, ndani angakane chinthu chabwino chotere?" Onse agwedeza mitu kuvomereza.

A Tayi asokonezeka. Andifunsa chapansipansi ngati ndi eya kapena ayi. Ndati ndi ayi. Akuti koma onse akumwetulira. Ndati inde.

Akuti pali njira ina, yoti kampani izipereka kandalama aliyense akagule yakeyake. Mapepala ake atenga nthawi, ndipo iyeneranso kukhala ya onse. Enelesi ayankha Lolemba. Andigwira chanza, atenga samusa imodzi, apita.

Zotsala: mafayilo anayi, yachisanu ili kwa Nabanda pansi pa poto. Nsalu yathimbirira mafuta.

Enelesi sindinamuimbire. Nkhani yotere siyapafoni. Ine sindituma Mai Busa.

Loweruka

Msewu wa ku South Bend. Minda ya chimanga chongomera kumene, mbali zonse, kopanda ndi munthu mmodzi woyenda pansi. Njira yonse ndikuyeserera mawu. "Enelesi mwanawe, ndayesetsa." Ayi. "Enelesi, zinthu sizinayende." Ayi.

Ndampeza m'chipatala cha mano, akukolopa, Tadala ali pampando wa odwala akujambula. Ndati ndimangodutsa.

Ndamva ndekha mmene zatulukira m'kamwa mwangamu.

Ndatenga nsanza, ndayamba kupukuta masinki oyera kale. Sinki yoyamba, yachiwiri. Pa yachitatu Enelesi waimika chokolopera.

"Amayi, musavutike. Ndinamva Lachiwiri."

Lachiwiri! Akuti Lolemba lomwelo, nditangomaliza kuwaimbira, anayamba kuimbirana okhaokha. Nkhani ya wotsala wapadera ndinaiulula ndekha, ndi chisangalalo changa. Ndiye aliyense anati wapaderayo ndi iye. Yamikani ankati anayi enawo asaina. Nabanda chimodzimodzi. Mai Kaliwo chimodzimodzi. Palibe amene amafuna kuti Tadala avutike, aliyense amangofuna kuti amuthandize ndi anzake.

"Nanga iwe osandiuza bwanji?"

"Ndimaona mmene mumalimbikira, amayi. Ndinachita manyazi."

Nayenso.

Zochoka sanatchule. Wangoyamba kundiyendetsa m'chipindamo. Alamu iyi mumadina kawiri, ikalira musathawe. Mpope uwu umadontha, mumaika kansanza. Dokotala wamkazi safuna fungo la jiki. Chitseko cha kumbuyo mumakankha ndi phewa. Ine pambuyo pake, ndikulemba pa katoni ya magolovesi.

Tadala wandipatsa chojambula chake. Akuti ndi dzino. Akupuma ngati kamluzu.

Lamulungu

Kutchalitchi. Nabanda wandisungira malo. Mai Kaliwo wandikonza kolala ya bulauzi. Yamikani wanyamula chikwama changa mpaka pagalimoto. Anthu abwino. Ndikanakonda mmodzi yekha akanakhala wamwano Lolemba lija, ndikanadziwa poyambira.

A Gondwe andiimitsa pakhomo. Akufunsa kuti khadi lifika liti, poti apangana kale ndi dokotala wa bondo. Anali pomwepo Lachisanu, m'galaja, anaona zonse. Akuti iwo amaganiza kuti amene asaina apatsidwabe. Ndawauza kuti palibe khadi. Ndawauza ndekha, pakhomo pa tchalitchi, anthu akumva. Andiyang'ana ngati ndawatukwana. Pofika madzulo ano mpingo wonse ukudziwa kuti ndilibe ulemu kwa akuluakulu. Abambo akunyumba andiuza, akupaka majarini.

Enelesi waimba. Wapepesa nthawi yaitali. Kenako chimene waimbira: a kuchipatala chija andiimbira mawa m'mawa kufunsa za kagwiridwe kake ka ntchito, ndipo popanda mawu anga samulemba.

"Mungonena zoona, amayi."

Ndakhala pampando, foni ili m'manja. Ndaganiza, sindibisa. Nditangoti amachedwa nthawi zina. Mawu atatu okha, South Bend nkukhalabe yanga.

Sanachedwepo.

Za mawa:
mafuta m'galimoto,
nsapato zafulati,
mankhwala opaka msana,
kufunsa Chifundo mawu a Chingerezi akuti "wokhulupirika", ndiwatchule bwino.

Ndiwauza kuti amakolopa ndi m'makona momwe, ndi pansi pa firiji pamene bwana saona. Ndiwauza kuti makiyi mungampatse ndi a nyumba yanu. Akamutenga. Ndani angamusiye?