Khodi ya Adadi

Lolemba
Ntchito yanga kuchipatala: dokotala alemba matenda, ine ndiwasandutsa makhodi oti chipatala chilipidwire. Odwala sindiwaona, mafayilo okhaokha. Lero khodi yandilondola kunyumba. Pa kalata ya adadi alemba kuti: kuiwalaiwala kotsatira kukha magazi muubongo. Chifukwa? Dokotala anawafunsa dzina la mkazi wawo, iwo n'kuyankha kuti "amake Tadala." Tadalayo ndine. Mzungu n'kuchonga kuti aiwala! Bambo wa ku Dedza angatchule dzina la mkazi wake pagulu? Lachisanu tikubwererako. Khodi imeneyi ndiifufutitsa.

Lachiwiri
Sukulu yatsegulidwa pa tebulo la kukhitchini. Mafunso:
lero ndi lachingati
tili kuti (Thamesmead, kuno kwa azungu, osati Dedza)
dzina la amayi
Awiri oyamba akhoza. Lomalizalo: "Iwe mwana, ulemu unausiya pabwalo la ndege?" Amayi akuseka mpaka kutsamwa.

Lachitatu
Abwana anga akuti khodi imatsata cholembera cha dokotala basi. Ndafufuzabe m'buku lathu la makhodi. Kulumidwa ndi ng'ona kulimo. Ulemu mulibe!

Lachinayi
Ndikuwanyengerera adadi ndi mandasi. Mandasi atha, dzina silikutuluka. Magalasi awo ndawapeza mufiriji, pambali pa mkaka. Aliyense zimamuchitikira. Eti?

Lachisanu
Mvula, basi yachedwa. Ndikufotokozera dokotala mwambo wathu ngati loya. Akupepesa, nkhope psuu. Akuti ngati kutchula n'kovuta, angolemba papepala. Ndapambana! Adadi agwira cholembera. Akuchitembenuza. Akuyang'ana pepala, akuyang'ana ine.
"Magalasi ndasiya kunyumba."
Magalasi ali pamphuno.

Loweruka
Ndikuchapa makatani oyera kale. Amayi akufunsa ngati sukulu yatsekera. Ndikuchita ngati makina ochapira akundisokosa. Ndili ndi mantha.

Lamulungu
Tikuchokera kutchalitchi, amayi ali patsogolo. Adadi andikoka mkono wa jekete.
"Amako aja, dzina lawo ndani? Usawauze."
Ndawanong'oneza: Esinala. Akulibwereza chapansipansi kuti lisathawe, Esinala, Esinala, mpaka pa siteji. Makutu a adadi anagontha pang'ono, ndiye kunong'ona kwawo kukumveka msewu wonse. Amayi sakucheuka, koma achepetsa liwiro. Chikwatirane sanalimvepo dzinali pakamwa pa amuna awo.
Khodi ikhale, dokotala sanalakwe. Mawa adadi akafunsanso ndiwauzanso, amayi ali pafupi.