Mikisa ya Mpingo ndi Jekete la Apongozi

Lolemba

Chiperoni chikadalipo, zovala sizikuuma. Ine mtima uli m'malo. Loweruka lino mwana wanga Esinati akumanga ukwati kutchalitchi kwathu, ndipo ndamuuza kuti mawu ake akuti "ndikulonjeza" adzamveka mpaka kwa anthu oima panja. Zokuzira mawu za mpingo ndimayang'anira ndine, ndiye ndinalankhula modzithemba.

Vuto ndi limodzi: mikisa, makina a mabatani olumikiza maikolofoni ku masipika. Dzulo yazimanso pakati pa ulaliki. Imayamba bwinobwino, pakatha theka la ola imalira "mmmm", timagetsi take n'kuphethira, kenako zii. Ukaisiya pang'ono imadzuka yokha ngati sinalakwe kanthu.

Ndabwera nayo kunyumba pa njinga, pamodzi ndi kabokosi kake kopatsa magetsi. Kabokosiko ndakavula jekete lake kuti ndikamasule. Jeketelo anasoka ndi apongozi, mayi a mkazi wanga. Anadula bulangete lakale, pamwamba n'kupetapo timaluwa. Anandimva tsiku lina ndikuuza mayi a Esinati kuti chinyezi chimapha makina, sabata isanathe jekete linafika.

Oganiziridwa:
- fyuzi
- waya wa kukhoma
- makapasita, timigolo tating'ono tosunga magetsi m'kati mwa kabokosi
- a kwaya, amene amakhudza chilichonse chokhala ndi batani

Lachiwiri

Fyuzi ndi yabwino. Ndaisintha ndithu, kuti mikisa ione kuti sindikusewera. Waya ndi wabwino. Mita yoyezera magetsi ikuonetsa mavoluti khumi ndi asanu mbali zonse ziwiri, osagwedezeka.

Mikisa yaimba pakhonde kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa m'khola, osazima ngakhale kamodzi. Mayi a Esinati akuti: "Ndiye mwakonza chiyani, poti ikuimba?" Ndawayankha kuti dokotala weniweni matenda amathawa akangomuona. Sanaseke, akusankha mpunga.

Lachitatu

Ndaibwezera kutchalitchi. Kabokosi ndakaveka jekete lake, zingwe ndamanga bwino. Kwaya ikuyeserera nyimbo za ukwati. Nyimbo yachisanu ili pakati: mmmm, zii.

Ndiye kuti vuto lili m'tchalitchimu. Ndamasula soketi, ndapezamo chisa chakale cha mavu. Ndachotsa, ndasesa, sizinathandize.

Mkulu wa mpingo wina akuti: "Kwanu ikuimba, m'nyumba ya Mulungu ikukana? Zimenezo si za sikuludiraiva ayi." Akufuna kuipempherera. Ndavomera, pemphero siliwononga waya.

Kunyumba ndapeza Esinati akuyesa deresi. Andithamangitsa pakhomo panga pomwe. Ndamwera tiyi pansi pa mtengo wa mapeyala, ndikumwetulira ndekha.

Lachinayi

M'mawa kwa a Mulepa, okonza mawailesi ku Chinakanaka. Ntchitoyi tinaphunzira limodzi ku esiteti ya tiyi. Ayang'ana makapasita, akuti awiri atupa. Ine ndikuona ngati anabadwa onenepa, koma tasintha. Tawotcherera, tayesa, ikuimba. Tadya nanazi yonse yathunthu podziyamikira.

Masana kutchalitchi: jekete, zingwe, batani. Theka la ola. Zii.

Pokwiya ndalowetsa dzanja m'jekete kuti ndizule waya. Mayo! Chala chapsa. Kabokosi kakutentha moti ungaotchepo chimanga. Timabowo take topumira tonse tatsekeka ndi bulangete. Kakatentha kamadzizimitsa kokha kuti kasapse, kakazizira kamadzukanso. Kunyumba kanali kosavala, n'chifukwa chake kamaimba. Ndakavula, ndayatsa: maola awiri osatsokomola n'komwe.

Masiku anayi ndikuimba mlandu kwaya yosalakwa. Ndaseka ndekhandekha m'tchalitchi, kenako ndakumbukira amene anasoka jeketelo. Kuseka kwathera pomwepo.

Lachisanu

Ndine mkamwini pamudzi pano chibadwire Esinati. Apongozi sindinawayang'anepo m'maso. Tikakumana panjira, mmodzi amapatukira m'chinangwa, kawirikawiri ndimakhala ine. Nanga mawu anga oyamba kwa iwo akhale akuti jekete lanu likupha mikisa?

Njira zomwe ndayesa:
- kutuma mayi a Esinati. Akuti: "Amayi anasoka masiku atatu ndi maso aja. Kawauzeni nokha, si inu injiniya?"
- kutuma Esinati. Akuti: "Ababa, mawa ndikukwatiwa, musandidanitse ndi agogo."
- kuboola jekete kumbuyo. Lumo lili m'manja kale, ndaona timaluwa tija, ndalibweza m'thumba.

Ndatsimikiza. Mawa ndilivula mwakachetechete, ndilipinda bwino, ndiliika pansi pa tebulo. Pa chinamtindi cha anthu chotero ndani angaone?

Alamu a ku Milanje afika ndi nkhuku zamoyo ndi nkhani zambiri. Pabwalo palibe popondera. Ndikukonda phokoso limeneli.

Loweruka

Jekete lili pansi pa tebulo. Mikisa ikuimba mokoma, kwaya ikumveka ngati ya pa wailesi. Esinati akulowa, wakongola moti ndaiwala za mabatani.

Apongozi awakhazika kutsogolo, moyang'anizana ndi tebulo langa. Akuyang'ana kabokosi. Akuyang'ana pawindo, kunja kukuwaza. Akudzuka pang'onopang'ono, akubwera kuno. Ine, monga mwa mwambo, ndikutembenukira kukhoma. Kumbuyo kwanga ndikumva akung'ung'udza: "Amuna awa, kusiya katundu wa mpingo pamphepo kuzizira konseku." Potembenuka, kabokosi kavala, zingwe zamangidwa mfundo ziwiri. Iwo abwerera pampando, maso akadali pomwepo.

Ndikuyang'ana wotchi. Abusa ndawapatsa zizindikiro zonse zoti afulumire. Akundimwetulira, akuwonjezera vesi. Mkwati walonjeza, wamveka bwino. Ndikupemphera kuti mikisa ipirire pang'ono.

"Nanga iwe Esinati, kodi ukulonjeza..." Mmmm. Zii.

Esinati akuyang'ana maikolofoni, akuyang'ana ine, akuibwezera kwa abusa. Kenako akutulutsa mawu aja amaitanira azing'ono ake ali kutsidya kwa mtsinje: "Ndikulonjeza!"

Nthungululu mkati, nthungululu panja. Oima panja akuti anamva bwino kuposa pa sipika. Ndagwetsa misozi, ndipo sindinabise.

Lamulungu

Thupi lonse likuwawa koma mtima uli mbee. Mwana wakwatiwa, mpunga unakwanira, ndipo palibe wakumbukira za mikisa kupatula apongozi.

M'mawa atuma mayi a Esinati ndi kamtolo. Uthenga wake: "Muwauze bambo a Esinati asadandaule. Dzulo makina anazizidwa chifukwa anakhalitsa osavala. Jekete ili ndi la mabulangete awiri, ndinawasungira la mwezi wozizira kwambiri."

Lili ndi chipewa chomwe. Ndalilandira ndi manja awiri, ndati akawathokoze kwambiri.

Kutchalitchi ndaliyesa mapemphero asanayambe. Ndi jekete latsopano mikisa ikumatha mphindi makumi awiri. Ndawauza abusa kuti kuyambira lero zofunika azinena koyambirira.